Zikomo a Royal Berkshire Archives pondidziwitsa boma lakale la Easthampstead

Kwa a Royal Berkshire Archives,
Coley Avenue, Reading.

Akuluakulu,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha thandizo limene ndinalandira nditabwera ku ofesi yanu yosungira zolembedwa zakale za chigawo cha Berkshire kudzafunsa za boma lakale la kumidzi la Easthampstead, ndipo ndailemba poyera kuti anzanga a kwathu okhala kuno aione.

Ine ndine Mmalawi wokhala ku Bracknell, ku England, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndimazungulira Binfield, Warfield, Crowthorne mpaka Sandhurst. Agogo ena akamakamba zakale satchula khonsolo ya Bracknell Forest imene timalipirako msonkho lero. Amati nyumba tinakuliramo anamanga ndi a Easthampstead, zinyalala ankatola ndi a Easthampstead. Ine Easthampstead ndinkangoidziwa ngati kadera kena ka m'tauni ya Bracknell komwe kuli tchalitchi chakale, choncho nkhani zawo ndinkangozimva theka. Munthu amene ukumusambitsa ndi kumudyetsa uyenera kumumvetsa akamakamba za kwawo, n'chifukwa chake ndinabwera kwa inu.

Ogwira ntchito anu anandilandira ngati munthu wobwera ndi funso loyenera, ngakhale sindine wophunzira za mbiri. Anandilongosolera kuti chiyambi cha bomali ndi chaka cha 1835, pamene maparishi (madera aang'ono a midzi) a Binfield, Easthampstead, Sandhurst, Warfield ndi Winkfield anaikidwa pamodzi kuti azisonkherana zosamalira osauka, ndipo nyumba yosungiramo osaukawo inali ku Easthampstead. Mu 1872 dera lomwelo linapatsidwanso udindo woona za ukhondo. Lamulo la maboma aang'ono la 1894 ndi limene linabala Easthampstead Rural District, khonsolo ya kumidzi yokhala ndi makhansala osankhidwa ndi anthu, ndipo chaka chomwecho Crowthorne inadulidwa ku Sandhurst n'kukhala parishi payokha. Ntchito ya khonsoloyi inali ya pansi penipeni: ngalande za zonyansa, zinyalala, kuyendera ukhondo, kenaka kumanga nyumba zoti anthu wamba azichita lendi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Sukulu zinali m'manja mwa khonsolo ya chigawo cha Berkshire. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake agogo aja amakumbukira nyumba ndi zinyalala.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi mapu akale amene munandionetsa. Bomali linali ndi nthaka za mitundu iwiri, ndipo mbiri yake yonse yatsamira pamenepo. Kumpoto, ku Binfield, Warfield ndi mbali ya Winkfield, kuli dongo lolemera longa makande a m'madambo akwathu, losunga madzi, labwino kumsipu ndi kuumba njerwa. Kumeneko n'kumene kunali minda ndi midzi yakale, ndipo njerwa za kampani ya Thomas Lawrence zinkaumbidwa ndi dongo lomwelo. Kummwera n'kwamchenga, kosabereka, kwa tchire ndi mitengo ya paini. Dera lonseli kale linali mbali ya nkhalango ya Windsor yosakirako mafumu, mpaka lamulo la 1813 litalola kuti igawidwe. Popeza alimi analibe nawo chidwi mchengawo, malo anali ambiri komanso otsika mtengo, ndipo kunadza mabungwe akuluakulu: sukulu ya asilikali ku Sandhurst mu 1812, Wellington College mu 1859, chipatala cha Broadmoor mu 1863. Crowthorne inakula chifukwa cha ziwiri zomalizazi. Ndakhala ndikudutsa mseu wa Nine Mile Ride osadziwa chifukwa chake mbali ija kuli nkhalango yokhayokha pamene ku Warfield kuli mabwalo a msipu. Tsopano ndikudziwa kuti ndi nthaka. Ngakhale madzi amasiyana njira: kummwera mtsinje wa Blackwater ndiwo malire ndi Hampshire, pamene kumpoto kamtsinje ka The Cut kamakathira mu Thames kufupi ndi Bray.

Ndiye kunabwera chaka cha 1949, pamene boma lalikulu la dziko linasankha Bracknell kukhala tauni yatsopano yolandira anthu ochokera ku London. Poyamba ankaganiza za anthu 25,000, kenaka chiwerengerocho anachikweza. Ntchito yomanga inaperekedwa ku bungwe lapadera la Bracknell Development Corporation, koma khonsolo imene inkatchedwabe ya kumidzi ndiyo inkayenera kutumikira khwimbi lobweralo. Ine ndimaona kuti anthu a khonsolo imeneyi sayamikiridwa mokwanira. Khonsolo yobadwira midzi isanu ndi umodzi inasenza tauni yathunthu kwa zaka 25, mpaka pa 1 Epulo 1974 pamene maboma onse a kumidzi ku England ndi Wales anathetsedwa potsatira lamulo la 1972. Maboma ambiri otero anaphatikizidwa ndi anzawo, koma Easthampstead inangosanduka boma la Bracknell, ndipo mu 1988 dzinalo linakhala Bracknell Forest. Kwenikweni dera limene anthu a mu 1835 analiika pamodzi posamalira osauka ndi lomwe tikukhalamo lero.

Ndikuthokozaninso pa chinthu chimene alendo ambiri sangachione. Mu 1998 khonsolo ya chigawo cha Berkshire inathetsedwa, ntchito zake n'kugawidwa ku makhonsolo asanu ndi limodzi. Zikanatheka kuti mabuku ndi mapu amwazikane, aliyense n'kutenga zake. Koma zinasungidwa pamodzi, makhonsolo onsewo akusonkherana, ndipo munthu ngati ine ndimalowa osalipira n'kuwerenga zimene makhansala anagwirizana zaka zoposa 100 zapitazo. Ntchito imene ofesi yanu yagwira kuyambira mu 1948 ndi yaikulu, ndipo ndikupempha makhonsolowo kuti asaifooketse ndalama zikamavuta.

Chonde mundiperekere moni ndi kuthokoza kwanga kwa onse a m'chipinda chowerengera, makamaka amene anakhala nane pa mapu aja mosatopa ndi mafunso anga. Ulendo wina ndidzafuna kuona zolembedwa za nyumba za khonsolo za ku Sandhurst ndi Binfield, chifukwa agogo awiri andituma kale.

Ine wanu woyamikira,
Wosamalira okalamba wa ku Bracknell