Ana anabwerera uphungu wa ntchito, anapeza magule ndi zoyankhulayankhula

Akonzi,

Tiloleni tidandaule za chionetsero cha ntchito, chimene eni ake akuchitcha career day, chomwe chinachitika Lachisanu lapitali pabwalo la sukulu ina yasekondale m'boma lathu lino. Amene analipo akudziwa kale zimene tikunena. Kalata yoitanira sukulu inati zonse ziyamba 8 koloko m'mawa, ndipo ana anafikadi pa nthawi yake, ena atayenda wapansi kuchokera kusukulu zoyendera zakutali, ena atapanikizana pa lole ngati matumba a fetereza. Mlendo wolemekezeka anatulukira 11 koloko itadutsa. Tikumuthokoza kwambiri kuti anafika tsiku lomwelo.

Maola atatu onsewo ana anali padzuwa, matebulo a makoleji ndi makampani ali chiyalire chapafupi pomwepo, koma woyendetsa mwambo analetsa aliyense kuyandikirako, ati chifukwa bwana anali asanadule riboni. Bwana atakhazikika mutenti, panabwera pemphero, nyimbo ya fuko, mawu a amfumu, mawu a wapampando wa komiti yokonza mwambo, gule, ndakatulo, mawu a woimira othandiza ndi ndalama, sewero, kenaka munthu wina amene ntchito yake inali kuitana munthu woti aitane mlendo wolemekezeka. Aliyense ankayamba ndi kutchula maudindo a onse okhala mutenti, ngati kuti akuluakuluwo anaiwala mayina awo kunyumba. Uphungu umene unatuluka m'zoyankhula zonsezi ndi woti ana azilimbikira sukulu. Zimenezo ngakhale agogo awo kumudzi amawauza ulere, popanda tenti ndi zokuzira mawu.

Matebulo anatsegulidwa 1:30 masana, malole n'kuyamba kuimba mahutala 3 koloko. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ena mwa ife timaphunzitsa masamu. Ana analipo pafupifupi 600, matebulo 15, nthawi mphindi 90. Mwana aliyense akanapita patebulo limodzi lokha, tebulo lililonse likanalandira ana 40, aliyense n'kupeza mphindi ziwiri ndi masekondi 15. Akafuna kufika pa matebulo atatu, chomwe ndi chiwerengero chochepetsetsa kuti munthu ayerekeze ntchito ndi inzake, ndiye kuti masekondi 45 patebulo. M'masekondi 45 mwana wa kumudzi, wamanyazi, amakhala asanamalize n'komwe kupereka moni. Zotsatira zake onse anaziona: chipwirikiti patebulo limene linkagawa zipewa ndi mabolopeni, kwina kuli zii. Mlendo wolemekezeka anadya maola atatu pochedwa ndi ena awiri ndi theka pa mwambo womulemekeza, ana n'kutsalira makoko. Ndipo iye yekha ndi amene anayenda matebulo onse 15 mosapanikizika, wojambula zithunzi ali pambuyo.

Koma chimene chatilembetsa kalatayi makamaka ndi ichi: anaitana a Fomu 4 okhaokha. Akonzi, mwana wa Fomu 4 amene watsala pang'ono kulowa m'chipinda cha mayeso mungamuuze chiyani chimene angasinthe? Maphunziro ake anasankha kalekale polowa Fomu 3, ndipo dzina lake pamodzi ndi maphunziro amene adzalembe zinapita kale ku MANEB. Kumuuza lero kuti unamwino umafuna Chemistry, iye atasiya Chemistry zaka ziwiri zapitazo, n'kumubweretsera mankhwala anthu akuchokera kumanda.

Tifotokoze pang'ono, popeza zikuoneka kuti a komiti sanazimvepo. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekeza pa 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye wagwa. Mapointi amene makolo amanyadira aja amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa. Kuti dzina lake liganiziridwe n'komwe kuyunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma pamenepo wangofika pageti. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Zaumoyo zimafuna Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Uinjiniya umatsamira pa masamu ndi Physics. Tiyerekeze mtsikana amene wapeza mapointi 14 mu Chingerezi, Chichewa, History, Geography, Bible Knowledge ndi Agriculture, koma masamu wapeza 7 ndipo Chemistry sanalembe. Mudzi wonse udzalulutira, mbuzi idzaphedwa, koma kuyunivesite ya zaumoyo ya KUHeS sangalowe, pamene mnzake wa mapointi ochulukirapo amene makirediti ake ali mu sayansi ali ndi poyambira. Izi zimachitika chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: ana a Fomu 2 amasiya phunziro potengera kuti mphunzitsi wake ndi waukali, kapena mnzawo wapamtima wasiya, kapena mkulu wawo anawaopseza kuti n'lovuta. Kusukulu zambiri zoyendera kulibenso labotale, ndiye mwana amaona sayansi ngati chilango. Panthawi imeneyo ndi pamene pamafunika munthu wochokera kukoleji kudzamuuza kuti ukasiya ili watseka makomo awa ndi awa. M'mera mpoyamba. Koma a Fomu 2 tsiku limenelo anauzidwa kuti asese bwalo, anyamule mipando, akatero azipita kwawo.

Ngakhale a Fomu 4 omwewo panali zoti akanapindula nazo pakanakhala nthawi. Bungwe la NCHE ndi limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita kumayunivesite a boma, ndipo mwana amayenera kudziwa kuti pafomu paja amaika mapulogalamu motsatana, kuyambira imene akuifunitsitsa. Ambiri amadzaza mipata yonse ndi mapulogalamu olimbirana kwambiri okhaokha, udokotala, zamalamulo ndi ena otero, osasiya ngakhale mpata umodzi wa pulogalamu yogwirizana ndi magiredi awo enieni. Mayina akatuluka iwo mulibe, amayamba kunena za ufiti. Amayeneranso kudziwa kuti kusankhidwa ndi kupeza ngongole ya fizi n'zinthu ziwiri zosiyana: ngongole imapemphedwa payokha ku bungwe la HESLGB, ndipo ndi ngongole yoti adzabweze, si mphatso ya boma. Palibe amene anazitchula pa maikolofoni.

M'malo mwake a komiti anagawa timapepala tawo tochita fotokope, tonenabe za Polytechnic ndi Kamuzu College of Nursing ngati nthambi za University of Malawi. Abale, kuyambira 2021 Polytechnic ija ndi MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina loti University of Malawi linatsala ku Zomba. Kuonjezera LUANAR, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University, mayunivesite a boma alipo 6. Munthu amene sanamve nkhani imeneyi mpaka lero ndi amene wapatsidwa udindo wolozera ana athu njira.

Nanga tebulo la ntchito zamanja analiika kuti? Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matenti, cha kunjira yopita kuzimbudzi. Chonsecho aliyense akudziwa kuti malo kuyunivesite ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE, ndipo ambiri mwa ana 600 aja tsogolo lawo lili pa tebulo lomwelo. Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka levi ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunziro amenewa ayende. Kuli makoleji a Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene anayamba kutsegulidwa mu 2015. Kumeneko kuli zamagetsi, zamipope, umakaniko, kuwotcherera, ukalipentala, zomangamanga ndi kusoka. Wamagetsi wodziwa ntchito yake sagona ndi njala m'tauni, pamene madigiri ambiri akuchita nkhungu m'masutikesi. Koma poti wovala ovolosi saoneka bwino pachithunzi ngati wovala jekete, anamukankhira kuzimbudzi.

Khalidwe loona achinyamata ngati chikhamu chongodzazitsa bwalo silithera kusukulu. Limawatsatira mpaka tsiku lokayesedwa ntchito. Owerenga akukumbukira zimene zinachitika ku Mzuzu mu June 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana aliyense wofuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuti angofika kudzachita intavyu. Anthu anakhamukirako miyandamiyanda, n'kupondana polimbirana kulowa, oposa 100 n'kuvulala, mliri wa Covid-19 uli mkati. Koma mpaka lero timaonabe zidziwitso zoti ofuna ntchito angofika pamalo akutiakuti 7:30 m'mawa. Kodi tikudikira kuti wina afe kaye?

Kayendetsedwe ka tsiku lotere sikafuna katswiri wochokera kunja. Makalata amalandiridwa kaye, osakwanitsa zofunika n'kuchotsedwa papepala, anthu asanawononge ndalama ya basi. Otsalawo amagawidwa m'magulu a anthu 30 kapena 40, gulu lililonse ndi ola lake, ndipo mayina amamatidwa kwa DC komanso kutumizidwa pa foni kusanatsale sabata. Pageti munthu amapatsidwa nambala. Khomo lolowera likhale lina, lotulukira lina, kuti amene alemba asakumane ndi amene sanalembe. Tebulo loyamba ndi loona zikalata, lachiwiri mayeso olemba, intavyu pomaliza kwa okhawo amene akhoza. Ngati ndi ntchito zachitetezo zofuna kuthamanga, azithamanga m'mamawa dzuwa lisanakwere, madzi akumwa ndi wachipatala ali pomwepo, osati masana munthu atatha maola asanu pamzere m'mimba muli mbee.

Ndipo career day yeniyeni ndiyo iyenera kukonzekeretsa ana tsiku limeneli, chifukwa ambiri amagwa asanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Choyamba chimene chimawagwetsa ndi mayina. Pa satifiketi ya MSCE palembedwa dzina la bambo, pa chiphaso cha unzika cha NRB pali dzina la agogo kapena la amalume amene anamulera, mwina chilembo chimodzi chasiyana, mwina tsiku lobadwa. Woona zikalata alibe nthawi yomva mbiri ya banja, amangoti imani apo. Izi zimakonzedwa miyezi isanafike intavyu, ndipo poti chiphaso chimatengedwa munthu akakwana zaka 16, mwana angathe kuonetsetsa akadali pasukulu kuti dzina lolembetsa ku MANEB ndi la ku NRB ndi limodzi, chilembo ndi chilembo. Ena amabwera ndi fotokope yokhayokha, satifiketi yeniyeni ataisiya kunyumba, kapena fotokope yopanda chidindo cha wolumbiritsa pamene chidziwitso chinanena kuti ikhale yotsimikizidwa. Ena pakalata amalemba nambala ya foni ya mlamu wawo amene foni yake imakhala yozima masiku atatu pasabata. Pa mayeso olemba amakakamira funso limodzi lovuta. Ngati mafunso ali 50 ndipo nthawi ndi ola limodzi, funso lililonse lili ndi mphindi imodzi ndi masekondi 12 basi. Lovuta ulidumphe, udzalibwerere kumapeto. Mwana amene sanayesererepo pepala lotere wotchi ili patsogolo amafika funso 20 nthawi itatha, ngakhale ali wanzeru. Awuzidwenso mosabisa kuti aliyense woimba foni n'kunena kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe ndi wakuba, ndipo ngati ndi wogwira ntchito m'boma, nkhani yake ndi ya ku ACB. Zonsezi mphindi 40 zikanakwana kuzifotokoza. Sewero lokha lija linadya mphindi 35.

Tikufunsa a Unduna wa Maphunziro ndi akuluakulu a maphunziro m'chigawo chino: kodi amene anavomereza pulogalamu ya career day ija anaiwerenga? Ana anataya tsiku lathunthu la maphunziro mayeso ali pafupi, makolo anasonkha ndalama ya lole, ndipo lipoti likapita kulikulu lidzati mwambo unayenda bwino, ana 600 anafikiridwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikufuna tidziwenso kuti ndalama zinapita zingati ku matenti, ma T-sheti a komiti ndi ma alawansi, ndipo zingati ku mapepala oti mwana apite nawo kunyumba.

Chaka chamawa itanani a Fomu 2 mu teremu yachitatu, asanasankhe maphunziro, pamodzi ndi makolo awo. Chitirani m'makalasi, osati pabwalo: kalasi iliyonse ntchito yake, ana 40, mphindi 20, belu likalira asinthane. Wobwera kudzayankhula abwere ndi pepala limodzi lolembapo maphunziro ofunika, magiredi, zaka za kosi ndi fizi ya chaka chino. A Fomu 4 apatsidwe tsiku lawo loyeserera kudzaza fomu ya NCHE ndi kulemba mayeso a ntchito. Mlendo wolemekezeka aitanidwe 3 koloko madzulo kudzatseka, ndipo akachedwa adzapeze ana atapita.

Aphunzitsi atatu a kusekondale,
Chigawo cha Pakati