Mabuku onena za kuletsa mabuku afike m'sukulu zathu

Mkonzi,

Ndikugwirizana ndi nkhani yanu yakuti nthano ya akazitape achizimayi amene ankazembetsa buku loletsedwa la mlembi wa ku Russia, Boris Pasternak, kupita ku Soviet Union ndi yofunika kuwerengedwa. Pasternak anakakamizidwa kukana mphotho ya Nobel mu 1958, ndipo Olga Ivinskaya, amene ankamuthandiza pa zolemba zake, anamangidwa kawiri.

Ine ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale. Ophunzira anga amaloweza zaka bwinobwino, koma ambiri sadziwa kuti kuno kwathu lamulo la 1968 linkaletsanso mabuku, kapena kuti mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu mu 1987 osazengedwa mlandu. Nthano zotere zimawachititsa kufunsa mafunso.

Ndikupempha a National Library Service agule mabuku otere ndi kuwafikitsa m'maboma onse. A National Archives ku Zomba atulutsenso poyera mndandanda wa mabuku amene ankaletsedwa, kuti alembi athu apeze poyambira.

Mphunzitsi wa mbiri,
Zomba