Eni mabutiki, ikani mitengo pa windo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhule ndi eni mashopu a zovala mtauni muno, makamaka a ku Limbe ndi mu Victoria Avenue ku Blantyre, anzathu a ku Area 2 ku Lilongwe nawonso amveko. Nkhani yanga ndi ya pa windo. Munthu amayamba kugula ndi maso akadali panja, akaona chomusangalatsa mpamene miyendo imalowa, koma ambiri a inu galasi lija mwalisandutsa stolo, mwaunjikapo makatoni, mwamatapo mapepala oti ntchito palibe, chidole chili pakona chivalire diresi lomwelija la pa Khirisimasi mpaka lasuluka ndi dzuwa. Ndiye mukumadandaula kuti bizinesi yavuta.

Tapitani ku Chichiri Shopping Centre kapena ku Gateway Mall mukaone mmene mashopu akuluakulu amachitira. Chidole amachiveka chonse, malaya, thalauza, nsapato, kachikwama pambali, zonse zogwirizana, moti amene anabwera kudzafuna bulauzi yokha amatuluka atanyamulanso siketi chifukwa waona mmene zikukhalira pamodzi. Juni akamayandikira aikapo majuzi ndi majekete, sukulu zikamatsegulira mu Seputembala aikapo nsapato za ana ndi zikwama. Koma chachikulu ndi chakuti mtengo amaulemba ndi manambala akuluakulu owerengeka uli pa khonde.

Apa mpamene pali mtima wanga. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akuyenda ndi ndalama yowerenga kale, ina ya minibasi, ina ya ndiwo, yotsalayo ndiye ya chovala. Akaona diresi lokongola lopanda mtengo amangoti izi si zathu, nkudutsa, pomwe mwina akanakwanitsa. Tonse timadziwa manyazi olowa mu butiki, mtsikana wogulitsa akukulondola mmbuyo, wafunsa mtengo, wakuuza, iwe nkumati ndibweranso ukudziwa kuti subweranso. Azimayi ambiri safuna zimenezo, bola angopita ku kaunjika.

Ndipo a kaunjika nzeru imeneyi anaidziwa kalekale. Ku msika wa Limbe kaya wa Tsoka ku Lilongwe akamasula belo, zabwinozabwino amazipachika pa mahang'ala mmwamba kuti ziwoneke patali, mnyamata nkumakuwa mtengo wina aliyense akumva. Alibe galasi, alibe magetsi koma anthu piringupiringu.

Ndikudziwa mmene muyankhire, muti katundu timakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg ndiye mtengo ukusintha ulendo uliwonse chifukwa cha dola ndi randi. Zoona, koma kapepala ka mtengo nkodula bwanji kuti mulephere kusintha? Ena mumabisa dala kuti muzitchula mtengo mutayang'ana kaye nkhope ndi nsapato za kasitomala, zimenezo anthu anazitulukira ndipo zimawawa, wina 30,000 kwacha mnzake 45,000 kwacha chovala chomwecho. A bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC akhala akukumbutsa amalonda kuti mitengo iziikidwa poyera, ndiye si nkhani yongokometsera shopu ayi. Za zitsulo zotchingira akuba sindikutsutsa, ikani ndithu, koma galasi muzilipukuta ndipo kagulopu kamodzi ka sola kangathandize madzulo anthu akamaweruka kuntchito magetsi atathima.

Chinanso, zidole zanuzo zonse nzowonda ngati bango, mayi wa thupi lake akaima pamenepo sadziwona. Pezaniko chimodzi cha saizi yayikulu, muchiveke diresi la chitenje losokedwa ndi telala wa pa khonde panu pomwepo, mulembepo mtengo ndi masaizi omwe alipo mkati, nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe azimayi azidziwiratu akadali panja kuti saizi yawo ilimo.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre