Dandaulo langa pa ulendo wokawedza smallmouth bass ku Lake St. Clair

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Tsiku limene ndinakuimbirani foni koyamba, mutangomva dzina langa munasiya Chingerezi n'kundifunsa kuti kumudzi n'kuti, ndipo tinacheza za ku Salima mpaka kuiwala kuti ndaimbira zamalonda. Kucheza kumeneko n'kumene kunandichititsa kulipira osafunsa zambiri. Ndiye dandaulo nalo libwere m'chinenero chomwecho, pasadzakhale wonena kuti sitinamvane.

Nkhani ndi ya ulendo wa Loweruka lachiwiri la mwezi wa Epulo. Ine ndi mlamu wanga tinalipira madola 500 kuti boti lanu litinyamule maola 8 kukawedza nsomba za smallmouth bass pa Lake St. Clair, nyanja ya pakati pa Michigan kuno ku America ndi Ontario ku Canada. Ndineneretu kuti sindikudandaula zoti nsomba zinatikana. Ndinakulira ku Senga Bay, ndikudziwa kuti nyanja sipangana ndi munthu. Chandipweteka n'chakuti munatigulitsa ulendo wa nyengo yozizira koma n'kutitumizira boti, zovala ndi nyambo za m'chilimwe, kenako n'kutilowetsa m'madzi tsiku limene aliyense woganiza bwino anatsala kumtunda.

Lachisanu madzulo a zanyengo a boma, a National Weather Service, anali atatulutsa kale chenjezo la maboti ang'onoang'ono, lija amalitcha small craft advisory. Ndinaimba ku ofesi kwanu n'kukumbutsa zimene zalembedwa pa lisiti yanu yomwe, zoti nyengo ikaipa ulendo umasunthidwira tsiku lina popanda kulipiranso. Mayi amene anayankha anati kaputeni ndi amene akaweruze m'mawa, ndipo tikapanda kufika ndalama yathu yapita. Tinadzuka 2 koloko usiku ku South Bend, n'kuyenda maola oposa atatu kukafika ku Harrison Township kusanache. Pamalo otsitsira maboti panali magalimoto awiri okha. Loweruka, mwezi wa Epulo, pa nyanja imene anthu amachokera kutali kudzafuna bass! Zimenezo zokha zinali uthenga. Mbendera ya padoko inali itaongoka ngati yaisita, mphepo ikuchokera kum'mawa.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti mphepo ya kum'mawa ndiyo yoipitsitsa ku gombe la Michigan, chifukwa imadutsa nyanja yonse kuchokera ku Ontario n'kudzakhuthulira mafunde komweko. Komanso St. Clair ndi nyanja yosazama, pafupifupi mamita atatu kapena anayi m'malo ambiri, ukachotsa ngalande ya zombo zazikulu. Madzi osazama sapanga mafunde aatali oti boti likwere n'kutsika mwaulemu. Amapanga aafupiafupi, othinana, omenya boti ngati munthu akusinja. Kwathu mwera ukayamba mu Juni asodzi amakokera mabwato pamchenga n'kumasoka maukonde, palibe amene amawatcha amantha. Ndinamuuza kaputeni wanu zimenezi. Anaseka n'kunena kuti bass imakonda mphepo.

Sananame kwenikweni, ndipo mpake ndimuvomereze pamenepo. Kamphepo kogwedeza madzi kamathandiza, makamaka pa nyanja yoyera mbee ngati imeneyi, imene tinkhono ta zebra mussel takhala tikuisefa kuyambira pamene tinapezekamo mu 1988. Nsomba ikamakuona patali imachenjera. Koma kamphepo kogwedeza madzi n'kosiyana ndi chimphepo cholowetsa madzi m'boti.

Makina a m'boti anaonetsa kuti madzi anali pa madigiri 42 a Fahrenheit, osafika 6 pa Celsius. Munthu akagwera m'madzi otere mpweya umamuthawa nthawi yomweyo, ndipo pakangopita mphindi zochepa manja amasiya kumvera, ngakhale akhale katswiri wosambira. N'chifukwa chake ndinafunsiratu za zovala, ndipo munandilonjeza masuti otentha oyandamitsa munthu m'madzi. Chimene tinalandira ndi majekete a mvula opyapyala. La ine linali long'ambika m'khwapa, atalimata ndi tepi yakuda imene inamatuka funde lachitatu lisanatimenye. Madzi analowa pamenepo, n'kutsika m'nthiti mpaka m'chiuno. Majekete opulumutsira moyo anali pansi pa mpando, pamwamba pake atasanjikapo chibokosi cha ayezi ndi nangula. Nditaumirira kuti atulutsidwe, limodzi linapezeka lothyoka chomangira, moti mlamu anachita kulimanga mfundo pamimba ngati chitenje.

Kachingwe kofiira kozimitsira injini kanali kakulendewera pa chiwongolero, kaputeni osakamanga pathupi, boti likuthamanga. Kuyambira pa 1 Epulo 2021 lamulo la dziko lino limafuna kuti woyendetsa boti losafika mafiti 26 azikamanga akamathamanga. Mafunde aja akanamuponya kunja, boti likanapitirira lokha ndi anthu awiri osadziwa kuligwira. Pampu yotulutsa madzi nayo inangolira kamodzi n'kukhala chete. Theka la nthawi imene tinakhala pamadzi ndinaithera nditagwada, ndikukapa madzi ndi chigubu cha sopo chodulidwa pakamwa.

Tsopano za zida zowedzera, poti pamenepa ndi pamene ndinaonera kuti ulendowu sunakonzekeredwe n'komwe. Sindine katswiri, koma ndawedzapo bass mu mtsinje wa St. Joseph kwa zaka zingapo, ndipo ndisanabwere ndinafunsa kwa odziwa. Madzi akazizira chonchi smallmouth imakhala yaulesi. Imakhala pansi, pafupi ndi miyala kapena pamene mchenga wakumana ndi udzu wa chaka chatha, kudikira kuti madzi afike cha m'ma 55 mpaka 60 pa Fahrenheit kuti ikwere kukaswa. Sithamangitsa chakudya. Umafunika kuiikira pakamwa. Anthu amagwiritsa ntchito nyambo ya jerkbait yoima pakati pa madzi: ukoka kawiri, n'kuisiya duu, kuwerenga mpaka teni mumtima, ndipo nthawi zambiri nsomba imaluma nyambo ili chiimire. Ena amakweza ndi kugwetsa nyambo yachitsulo ya blade bait pansi penipeni. Ena amakhwekhwereza nyambo yofewa ya tube yobiriwira moderako, yofanana ndi goby, kansomba kachilendo kaja kanabwera m'madzi a m'zombo n'kupezeka mu mtsinje wa St. Clair mu 1990, kamene lero ndi kamene kakunenepetsa bass za m'nyanjayi. Zonsezi zimafuna ulusi wopyapyala wa fluorocarbon ndi boti loyenda pang'onopang'ono.

Kaputeni wanu anatsegula bokosi lodzaza nyambo zoyandama pamwamba, zija zimaphulika madzi m'mawa wa mu Julaye, ndi ma spinnerbait adzimbiri. Ulusi wa pa ndodo unali wokhuthala, wopiringizika chifukwa chogonera pa mawilo chisanu chonse, moti ukaponya umatuluka ngati waya wa sipuling'i. Chithumba choponya m'madzi kuti mphepo isathamangitse boti, drift sock, munalibe. Tinkangouluzika, nyambo osafika n'komwe pansi. Madzi ankaundana m'timphete ta ndodo, ndipo ndinaona mlamu wanga, munthu amene amagwira masipanala sabata yonse, akulephera kulowetsa ulusi pa diso la mbedza. Zala zinali zitayera, akuziuzira mpweya, akuyesanso, ulusi ukuphonya. Pomaliza anaugwira ndi mano.

Nsomba imodzi yokha imene tinaiona inagwidwa ndi tube imene mlamu anagula yekha m'kasitolo ka nyambo pa msewu. Inali yokongola, yofiirira ngati mkuwa, mizere m'mbali, diso lofiira, yolemera mwina mapaundi anayi. Apa kaputeni wanu anatsegula bokosi la ayezi n'kunena kuti tiponyemo, ikakhale ndiwo. Bwana, ku Michigan munthu amaloledwa kuwedza bass chaka chonse pokhapokha ngati akuibweza m'madzi nthawi yomweyo. Pa Lake St. Clair nyengo yotenga kupita nayo kunyumba imatsegulidwa Loweruka lachitatu la mwezi wa Juni. Zalembedwa m'kabuku ka DNR (nthambi ya boma la Michigan yoyang'anira zachilengedwe) kamene aliyense wogula layisensi angathe kukawerenga. Akanatipeza nayo oyang'anira, tikiti ikanalembedwa m'dzina la mlamu, osati la kampani yanu. Tinaijambula n'kuibweza.

Mafunde atakula, nzeru imene anabwera nayo inali yoti tiwolokere mbali ya Canada kumene gombe limatchinga mphepo. Malire a mayiko awiriwa amadutsa m'nyanja momwemo, ndipo kuwedza tsidya linalo kumafuna layisensi ya Ontario, imene tinalibe ndipo simunatiuze kuti tigule. Kumeneko malamulo a nyengo ya bass ndi awoawo. Komanso inu ndi ine tonse tinabwera kuno ndi mapepala, mukudziwa kuti nkhani ya malire si yoseweretsa. Ndinakana, ndipo ndinamuuza kuti atibweze kumtunda. Tinafika padoko 9 koloko isanakwane. Pa maola 8 aja tinakhala pamadzi awiri ndi theka. Mlamu anakhala m'galimoto hita ili pamwamba kwa ola lathunthu, akunjenjemera moti khofi ankatayikira pa maondo.

Lolemba ndinaimba ku ofesi. Yankho linali lakuti ulendo unachitika, ndife tinasankha kubwerera, ndiye palibe chobweza, koma mungatichotsereko pang'ono tikadzabweranso. Ndinatumiza imelo kawiri, ndi zithunzi za jekete long'ambika, chomangira chothyoka ndi madzi ali m'akakolo m'boti. Lero ndi sabata yachitatu, zii. Foni yanu ya m'manja, imene inkayankhidwa ikangolira kamodzi nthawi yolipira ija, tsopano imangopita ku uthenga.

Ndikupempha kuti mundibwezere madola 500 onse pa khadi lomwe ndinalipirira, pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Za mafuta a galimoto ndi malayisensi athu a Michigan sindikuwerengera, imeneyo ndi yathu. Kuchotserako mtengo pa ulendo wina sindikufuna, chifukwa boti limenelo sindidzakweranso pokhapokha nditaona ndi maso pampu ikutulutsa madzi. Ndikufunanso mundilembere ngati kaputeni ameneyu ali ndi chiphaso cha Coast Guard (nthambi ya boma yoyang'anira chitetezo cha pamadzi) chonyamulira anthu olipira, komanso tsiku limene botilo linayenderedwa komaliza, poti nditamufunsa padoko anasintha nkhani.

Masikuwo akadutsa ndikakadandaula ku banki yanga kuti ndalamayo ibwezedwe, ndipo zithunzi zomwezi ndizitumiza ku DNR ndi ku Coast Guard. Sindikufuna zifike pamenepo. Anthu atatu a kutchalitchi kwathu anali atandipempha nambala yanu kuti adzapite ndi ana awo mu Meyi, nthawi imene bass zimayandikira kugombe, ndipo mpaka pano ndikungowazengereza. Lamlungu likubwerali adzandifunsanso.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku South Bend, Indiana