Tamatchulani Shyamnagar ndi Gabura polemba za anamondwe a ku Bangladesh

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa momwe nkhani za anamondwe a ku Bangladesh zimalembedwera. Timangowerenga kuti madzi asefukira "kumwera kwa dzikolo", atiuze chiwerengero cha omwalira, nkhani nkuthera pomwepo. Ine ndinagwirako ntchito ya madzi akumwa m'dera lina kumeneko, ndipo zimandiwawa kuti anthu ake satchulidwa nkomwe.

Dzikoli lili ndi zigawo 8 ndi maboma 64, ndipo boma lililonse linadulidwanso m'madera otchedwa upazila, omwe alipo pafupifupi 500. Dongosololi linayamba mu 1982, nthawi yomwe Hussain Muhammad Ershad ankalamulira dzikolo. Dera lomwe ndikunena ine ndi Shyamnagar, m'boma la Satkhira, chigawo cha Khulna, kumalire ndi India.

Papepala Shyamnagar amaoneka wotakasuka. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,968, ndipo kalembera wa 2011 anapezako anthu 318,254. Mukagawa mupeza anthu pafupifupi 160 pa sikweya kilomita, m'dziko lomwe anthu amaposa 1,000 pa malo ofanana nawo. Masamu amenewa ndi osocheretsa. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a deralo ndi nkhalango ya Sundarbans, ya mitengo yomera m'madzi amchere, momwe mulibe midzi. Olowamo ndi asodzi, ogwira nkhanu ndi ofula uchi, atatenga chilolezo kwa a zankhalango, ndipo ena sabwerako chifukwa cha akambuku. Anthu onse aja apanikizana pa kagawo kotsalako, oposa 600 pa sikweya kilomita. Nakonso si kolima kokhakokha ayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 minda yambiri ya mpunga inasanduka maiwe otchedwa gher, oweteramo shirimpi (tizamoyo ta m'madzi ta gulu la nkhanu), ndipo madzi amchere olowetsedwa m'maiwewo anawononga nthaka ndi madzi akumwa. M'chilimwe amayi amayenda mtunda wautali, mtsuko wa aluminiyamu uli m'chiuno, akudutsa madzi mbali zonse koma osamweka.

Kunena za ulamuliro, deralo lili ndi makhonsolo a kumudzi 12 otchedwa union parishad. Iliyonse ili ndi wapampando, makhansala 9 a mawodi ndi mipando 3 ya amayi, onse ochita kusankhidwa. Pamwamba pawo pali khonsolo ya upazila komanso Upazila Nirbahi Officer, wogwira ntchito m'boma wotumizidwa ndi likulu. Dongosololi ndi labwino ndithu, ndipo pofalitsa chenjezo ndi kusamutsira anthu ku nyumba zobisalamo namondwe, zomwe masiku ena zimakhala sukulu, limagwira ntchito yotamandika.

Vuto lili pa khoma. Midzi imeneyi ili pansi kwambiri, ndipo madzi a m'mitsinje amakwera ndi kuphwera kawiri pa tsiku potsatira nyanja. Chomwe chimaiteteza ndi makoma a dothi omwe anaunjikidwa m'zaka za m'ma 1960. Makomawo sali m'manja mwa union kapena upazila, koma a Bangladesh Water Development Board, bungwe la boma lalikulu. Wapampando amene amaona mng'alu tsiku lililonse alibe thumba la ndalama loukonzera. Chake nkulemba kalata ndi kudikira.

Taonani Gabura, union ya mu Shyamnagar yozunguliridwa ndi mitsinje ya Kholpetua ndi Kapotaksha. Namondwe Aila atawomba pa 25 Meyi 2009 makoma anagumuka, ndipo madzi amchere ankalowa ndi kutuluka m'midzi kwa miyezi yambirimbiri. Mabanja anamanga zisakasa pamwamba pa khoma lotsala, ena anasamukira ku mzinda wa Khulna osabwereranso. Namondwe Amphan atabwera mu Meyi 2020, makoma a m'dera lomweli anagumukanso. Ndinadzionera ndekha momwe amatsekera pobooka. Chimkuzamawu cha pamzikiti chimaitana, amuna nkundanda mzere m'matope ofika m'mawondo, akupatsirana zibuma za dothi pamanja ndi kukhoma nsungwi, akuthamangitsana ndi maola ochepa madzi asanakwerenso. Ambiri sayembekezera nkomwe malipiro, pakuti kuseri kwa khomalo kuli nyumba zawo.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti namondwe wina akadzafika kumeneko, olemba anu asadzangowerenga maliro. Maliro achepa kwambiri kuyerekeza ndi a namondwe wa mu 1970, pomwe anthu osachepera 300,000 anafa, ndipo kungoona zimenezi munthu angaganize kuti zonse zili bwino. Adzatiuze upazila yake ndi union yake, makoma agumuka malo angati, anakonzedwa liti komaliza, ndiponso patha masabata angati madzi amchere akadali m'minda.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa zitsime