Inu otigulitsa intaneti ya m'nyumba, 50 Mbps yanga imapita kuti madzulo?

Moni inu a kampani. Ndikulemba pano poyera chifukwa ku inbox kwanu kumayankha makina, pa foni mumandimvetsera nyimbo mpaka mayunitsi kutha, ndipo ku ofesi kwanu ndinalandiridwa mwa njira yoti nanunso muyenera kuimva.

Phukusi lomwe ndimalipira ndi la liwiro la 50 Mbps (ma megabit pa sekondi), pa waya wa fiber. Ndalama yake mumadula yonse pa 1 mwezi uliwonse, osachedwa, osaiwala, osachotsapo kalikonse. Pa zimenezo zokha ndikuyamikeni, dipatimenti yanu yotolera ndalama ndi yakhama zedi. M'bandakucha, cha m'ma 5 koloko, liwiro limafika 47 kapena 48 Mbps, ndipo pamenepo ndilibe nanu mlandu. Ikangokwana 7 koloko madzulo limayamba kutsika, ndipo mpaka cha m'ma 11 usiku limakhala pa 4, mwinanso 3. Tiwerengere limodzi: 4 pa 50 ndi magawo 8 pa 100. Nthawi yomwe anthu onse ali pakhomo ndipo akuifuna intanetiyo, ine ndimalandira 8 pa 100, inu mumalandira 100 pa 100. Zakhala chonchi kwa miyezi ndithu.

Mayi amene anandiyankha pa foni, tsiku lina m'masabata apitawa, anati ndizule rauta ndibwere nayo ku ofesi kuti akaiyeze. Ndinazula, ndinanyamula ndi chaja chake chomwe, ndinaima pamzere. Nditafika pa kauntala, bambo amene ndinawapeza sanadzutse n'komwe mutu pa foni yawo. Anati, "Kuno sitiyeza marauta, amene anakuuzaniyo anakunamizani. Mukazimitse n'kuyatsanso." Nditawayalira pepala lomwe ndinalembapo manambala onse, analikankha ndi chala chimodzi, chala china chikadali pa foni, n'kunena kuti, "Ngati mukudziwa zonsezi mwabwereranji kuno? Wotsatira!" Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani, munthu wolipira mwezi ndi mwezi n'kumuyankha chotero? Rautayo inali m'manja mwangamo, itazima chizulireni. Ndikanaizimitsanso bwanji?

Popeza bambowo analibe nthawi yowerenga, ndikuika pano zomwe zinali papepalapo, kuti aliyense aone ngati vuto lili m'nyumba mwanga.

Choyamba chomwe mumathamangira kunena ndi Wi-Fi. N'zoona kuti Wi-Fi imanamiza anthu ambiri. Ya 2.4 GHz imafika patali koma ndi yothinana, chifukwa matchanelo osapondana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo marauta a nyumba zoyandikana onse amalimbirana omwewo. Ngakhale microwave ikayaka imaisokoneza. Ya 5 GHz imathamanga koma khoma la njerwa limaifooketsa msanga. N'chifukwa chake sindinayeze pa Wi-Fi. Ndinaizimitsa pa rauta kuti foni kapena TV iliyonse isalowepo, n'kulumikiza kompyuta imodzi yokha ndi waya wa Cat6, ndipo kompyutayo ikuonetsa kuti yalumikizana ndi rauta pa 1 Gbps, yomwe ndi 1,000 Mbps. Waya wotere uli ndi timawaya 8 mkati, ndipo kamodzi kakaduka kulumikizana kumatha kugwera pa 100 Mbps. Ngakhale zikanatero, 100 ndi kuwirikiza kawiri phukusi langa. Waya wanga muusiye.

Ndimayeza pa Speedtest ya Ookla ndi pa Fast.com ya Netflix, zonse ziwiri. Anzanga, apa mumvetse bwino. Speedtest imadzisankhira yokha seva yapafupi, ndipo kawirikawiri sevayo imakhala mkati mwa netiweki ya kampani yomweyo. Ikatero imakuonetsani nambala yokongola, ya ulendo wochoka kwanu kukafika pakhomo pa kampani basi. Sinthani seva, musankhe ya kampani ina kapena ya mzinda wina, ndipo muone mmene nambala igwere. Kumeneko n'komwe kuli intaneti yeniyeni yomwe munagula.

Musandiuzenso kuti ndikusokoneza Mbps ndi MB/s. Byte imodzi ndi ma bit 8, ndiye 50 Mbps iyenera kutsitsa pafupifupi 6.25 MB pa sekondi. Fayilo ya 1 GB iyenera kutha m'mphindi 2 ndi masekondi 40. Pa 4 Mbps fayilo yomweyo imatenga mphindi zoposa 33. A Netflix amanena okha kuti filimu imodzi ya 1080p imafuna 5 Mbps, ya 4K imafuna 15. Ndiye kuti madzulo phukusi langa la 50 silikwanitsa ngakhale filimu imodzi yooneka bwino, osanena za mwana amene akufuna kuphunzira pa Zoom m'chipinda chinacho.

Mwina ndi fiber, mutero. Kabokosi kanu ka ONT, kolandira fiber m'nyumba, kali pakhoma, nyali ya PON yoonetsa kuti kalumikizana ndi makina anu ndi yobiriwira ndipo siphethira, ya LOS yochenjeza kuti kuwala kwasowa ndi yozima. Mukalowa pa tsamba la kabokosiko pali nambala ya mphamvu ya kuwala komwe kakulandira, ndipo kanga kakuonetsa -19 dBm. Zipangizo zambiri za GPON, mtundu wa netiweki ya fiber ngati yanuyi, zimagwira bwino ntchito pakati pa -8 ndi -27, ndiye -19 ili pabwino. Fiber ikapindika kwambiri pakona, kapena kamutu kobiriwira kaja kakalowa fumbi, nambalayi imatsikira cha ku -28 ndipo intaneti imaduka-duka. Koma waya wopindika sadziwa wotchi. Sungapindike 7 koloko madzulo n'kudziwongola wokha pakati pa usiku.

Umboni waukulu uli pa ping, yomwe imayeza nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerako. Ndikapanga ping ku rauta yangayi, pa 192.168.1.1, yankho limabwera pa 1 ms (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), m'mawa ndi madzulo chimodzimodzi. Ndikapanga ping ku 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, m'mawa limabwera cha pa 30 ms, madzulo limadumpha kupitirira 300, ndipo pa mapaketi (tizidutswa ta uthenga) 10 aliwonse imodzi imasowera m'njira. Kusowa kwa mapaketi kumeneku n'komwe kumachititsa kuti mawu azidukaduka pa WhatsApp ndiponso kuti nkhope ya munthu iume pa sikirini. Ndikalemba tracert, yomwe imaonetsa malo aliwonse omwe uthenga umadutsa, mzere woyamba, womwe ndi rauta yanga, ndi woyera. Kuchedwa kumayambira pa mzere wachitatu ndipo kumapitirira mpaka kumapeto. Mzere wachitatuwo ndi makina anu, abwana. Si anga, sindinawaonepo n'komwe.

Za malire a data, zomwe mumazibisa m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa mawu akuti yopanda malire, nazonso sizikugwirizana. Munthu akadutsa malirewo liwiro limatsitsidwa usana ndi usiku mpaka mwezi watsopano. Langa limagwa pa tsiku la 2 la mwezi ngati mmene limagwera pa tsiku la 28, ndipo m'mawa uliwonse limadzuka lili bwinobwino.

Chotsala ndi chimodzi, ndipo amisiri anu akuchidziwa kuposa ine. Mwagulitsa zambiri kuposa zomwe netiweki yanu ingasenze. Doko limodzi la GPON limatsitsa 2.488 Gbps, ndipo limagawidwa ku nyumba 32 kapena 64. Kugawanako sikulakwa, kampani iliyonse imatero, popeza anthu sakoka data onse nthawi imodzi. Koma tiyeni tinene kuti nyumba zonse 64 zakokera limodzi: 2,488 kugawa ndi 64, nyumba iliyonse ikanapezabe pafupifupi 39 Mbps. Ine ndikupeza 4. Ndiye kuti pothina pali kutsogolo, mwina pa mzere wochoka ku makina anu a OLT, omwe amagawira fiber ku nyumba zathu, kupita ku likulu lanu, mwinanso pa intaneti yomwe inuyo mumagula kwa makampani akuluakulu kuti mutigulitse ife. Mpope waukulu ndi womwe uja wakale, koma tsiku lililonse mukulumikizapo nyumba zatsopano, ndipo madzulo onse akatsegula ku mipopi kumangodontha. Zimenezi sizikonzeka ndi kuzimitsa rauta. Zimakonzeka ndi ndalama, zomwe zija mumatidula pa 1.

Ndikudziwa kuti muloza mawu akuti "mpaka 50 Mbps" omwe ali mu mgwirizano. Chabwino, 4 nayo ili m'kati mwa "mpaka 50". Nanga ine nditayamba kulipira "mpaka" ndalama ya mwezi, n'kutumiza 8 pa 100, mungandisiye pa intaneti masiku angati?

Zomwe ndikufuna n'zosavuta. Mmisiri wanu abwere pakati pa 7 koloko madzulo ndi 11 usiku, ndi kompyuta yakeyake ndi waya wakewake, osati 10 koloko m'mawa pomwe aliyense ali ku ntchito kuti akalembe kuti wapeza zonse zili bwino. Ulendo wakewo musandilipiritse. Mundilembere, pa kalata kapena pa imelo, chomwe chikuchititsa vutoli ndi tsiku lomwe mukulitse mzerewo. Pa miyezi yonse kuchokera pomwe ndinapereka dandaulo loyamba, muwerengere bilu yanga pa mtengo wa phukusi lanu lotsikitsitsa, kusiyana kwakeko mubweze. Ngati zonsezi zakukanikani, mundimasule ku mgwirizano wa miyezi 12 popanda chindapusa. Mgwirizanowo ukuti wochoka msanga alipire miyezi yonse yotsala. Wayamba kuuphwanya ndani, ine kapena inu?

Bilu yotsatira ikadulidwa ndisanayankhidwe, ndipita nazo ku bungwe loyang'anira makampani a mauthenga ndi loteteza ogula, ndi zithunzi zonse za sikirini zoonetsa tsiku, ola ndi dzina la seva. Anzanga oyandikana nawo amene ali pa waya wanu womwewu ayambanso kujambula zawo, tidzapereka pamodzi. Ndipo pansi pa chithunzi chilichonse chotsatsa malonda chomwe muike pano, cha banja lomwe likumwetulira pa sofa lija, mudzapeza nambala ya liwiro la madzulo amenewo.

Kwa inu amene mwatopa ngati ine ndipo mukuganiza zosamuka, musathamange, mungachoke pamoto n'kugweranso pena. Pezani munthu wa m'dera lanu lomwelo amene ali ku kampani inayo, mumupemphe ayeze liwiro cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku, pa waya, pa seva yakutali. Nambala ya masana ilibe ntchito. Funsani ngati kampaniyo ili ndi fiber yakeyake kapena imabwereka ya eni omwewa, chifukwa ngati pothina pali pa waya wobwerekedwawo, musintha dzina la pa lisiti lokha. Funsani liwiro lokweza zinthu, osati lotsitsa lokha, popeza ndi lomwe limanyamula nkhope ndi mawu anu pa msonkhano wa pa vidiyo. Malire a data akuuzeni mu ma GB, ndi liwiro lomwe mumatsala nalo mukawadutsa, ndipo alembe. Amene akuganiza za rauta ya 4G kapena 5G ayang'ane manambala awiri pa tsamba la rautayo: RSRP, mphamvu ya siginolo, ikakhala cha pa -90 dBm kapena kuposerapo (monga -80) zili bwino, ikatsikira ku -110 ndi mavuto, ndipo SINR, yoyerekeza siginolo ndi phokoso losokoneza, ikayandikira 0 ndiye kuti phokoso lachuluka. Dziwaninso kuti nsanja nazo zimadzaza madzulo.

Watsopano alumikize kaye, mumuyese sabata imodzi yathunthu, kenako mupereke chidziwitso kwa wakale, polemba, mutawerenga mu mgwirizano kuti amafuna masiku angati. Ambiri amafuna 30, ndipo mukauza munthu pakamwa pokha adzakana kuti simunanene. Kabokosi ka ONT musakakakamire, kanalembetsedwa ndi nambala yake pa makina a kampani yakaleyo ndipo kwina sikagwira. Bwezani kabokosiko, rauta ndi machaja ake, ndipo musachoke pa kauntala popanda lisiti lolembedwa manambala a zipangizozo, apo ayi adzakulipiritsani zinthu zomwe zili m'kabati mwawo. Lamulo lomwe munapatsa banki loti azidula ndalama mulithetse bilu yomaliza ikangolipidwa. Ngati imelo yanu ndi ya kampaniyo, isamutseni msanga isanatsekedwe. Pa rauta yatsopano ikani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zomwe zija zakale, mafoni, TV ndi makamera zidzalowa zokha osazigwira.

Inu a kampani, musayankhe pansipa kuti "pepani, titumizireni nambala yanu ku inbox". Nambala ya akaunti muli nayo, ya dandaulo munapereka ndinu. Yankhani pano pomwe, aliyense aone: mzere wa m'dera lathu ndi wa ma Gbps angati, pali nyumba zingati, ndipo mmisiri abwera madzulo a tsiku liti.