Kwa makasitomala athu: tikusiya kutsuka miyala ndi asidi

Okondedwa makasitomala,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa amisiri athu sadzatsukanso miyala ndi asidi wochotsera simenti, uja amatchedwa spirit of salts. Mtengo sukusintha, koma ntchito izitenga masiku ochulukirapo.

Asidiyu amawalitsa khoma tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ambiri amamukonda. Vuto limadzaonekera mvula ikayamba mu Novembala. Giranaiti wa m'mapiri athu a kuno ku Chipata ndi wolimba, koma timadontho takuda timene mumaona m'mwalamo tili ndi chitsulo. Asidi akalowa m'timing'alu amasungunula chitsulocho, ndipo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Pakangotha milungu yochepa khoma limatuluka mawanga achikasu ochokera mkati, oti sopo sangawachotse. Asidi yemweyo amadyanso simenti ya m'mizere, madzi n'kupeza polowera.

Miyala ya mabo (marble) ndi ya laimu ndiye siichedwa n'komwe. Asidi amaidya pomwepo, kuwala kuja n'kutheratu. Ngakhale madzi a mandimu amasiya chipsera. Kuti mudziwe mwala umene muli nawo, donthezani viniga pang'ono pamalo obisika, pokandakanda ndi msomali. Pakachita thovu, mwalawo uli ndi laimu, ndipo sitikulangizani kuuika kukhitchini kapena kubafa.

Tsopano tizichita motere. Simenti yogwera pamwala tiziipukuta ndi siponji yonyowa isanaume, tikusintha madzi m'ndowa pafupipafupi. Pakapita masiku 7 tizibwera kudzakwecha ndi burashi ya pulasitiki, osati ya waya, chifukwa tizidutswa ta waya timatsalira n'kuchita dzimbiri. Mankhwala otsekera mwala tizipaka pakatha masiku 28, khoma litaumiratu. Kupaka msanga kumatsekera chinyezi mkati, mwala n'kuyamba kusuluka.

Mukaona ufa woyera ngati mchere pakhoma latsopano, musathire madzi. Umachokera m'simenti, ndipo madzi amangoubwezera mkati kuti udzatulukenso. Usaseni ndi burashi youma.

China chimene timachiona kawirikawiri kwa alimi: matumba a feteleza osanjikidwa pakhonde lamiyala. Akanyowa, mchere wake umalowa m'mwala ndi m'simenti. Ayikeni pamatabwa.

Amene tinakutsukirani kale ndi asidi ndipo mawanga ayamba kuoneka, tidziwitseni kuti tidzaone khomalo musanayeserepo mankhwala ena.

Ndife anu,
Oyang'anira ntchito ya miyala, Chipata